Kutsekula m'mimba kobwera ndi chakudya: mafunso ndi mayankho

Kuno kunyanja, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay ndi Lifuwu mpaka ku Nkhotakota ndi Dwangwa, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumaononga chakudya msanga, ndipo mvula ikayamba madzi a m'zitsime amasakanikirana ndi zonyansa. Ndi nyengo zimenezi pamene m'mimba mumavuta anthu ambiri. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza matenda a m'matumbo obwera ndi mabakiteriya a m'chakudya, monga Salmonella, Shigella, Campylobacter ndi E. coli.

Ndadya kanyenya madzulo, usiku m'mimba mwayamba. Ndiye kuti ndi kanyenyayo?

Mwina, koma kawirikawiri chakudya chomaliza chimangosenzetsedwa mlandu wa china. Werengani maola. Ngati kusanza kwayamba pasanathe maola 6 chidyereni, mwamphamvu koma thupi osatentha, nthawi zambiri ndi poizoni amene mabakiteriya anasiya kale m'chakudyacho. Staphylococcus, amene amachokera m'manja, m'mphuno ndi m'zilonda za wophika, amatero. Bacillus cereus nayenso amatero, makamaka mu mpunga wophika umene wakhalitsa pamtunda. Kudwala kotereku kumatha pa tsiku limodzi.

Mabakiteriya amene amafunika kuyamba aswana m'matumbo amachedwerapo. Salmonella amatenga maola 6 mpaka masiku 6, koma ambiri amadwala pakati pa maola 12 ndi 36. Shigella amatenga tsiku limodzi mpaka masiku 3. Campylobacter, amene amapezeka kwambiri mu nkhuku yosapsa ndi mkaka wosawiritsa, amatenga masiku 2 mpaka 5. Tayifodi ndiye wochedwetsetsa, sabata imodzi mpaka masabata atatu. Choncho wodwala Lachitatu akumbukire zimene anadya ku ukwati Loweruka, ndipo afunse ngati anzake amene anadya nawo m'mbale imodzi ali bwino.

Zizindikiro zake n'zotani?

Kutsekula kumatanthauza chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira pa tsiku. Pa Salmonella chimbudzi chimakhala chamadzi, chonunkha, nthawi zina chobiriwira, ndipo pamabwera kupotokola m'mimba, nseru, kusanza, mutu, kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi. Munthu wamkulu amene alibe matenda ena amachira pa masiku 4 mpaka 7, ngakhale m'mimba mungatenge masabata kuti mubwerere mwakale.

Campylobacter amayamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya tsiku limodzi chimbudzi chisanasinthe, ndipo kupweteka kwake kumatha kukhala kwakukulu cha kumanja m'munsi mwa mchombo, mpaka kufanana ndi apendikisi. Kupweteka kumene kwakhazikika malo amodzi ndipo kukukulirakulira kumafuna kuti dokotala agwire mimbayo, osati kuyerekeza kunyumba.

Nanga ndikaona magazi m'chimbudzi?

Ameneyo ndi kamwazi, ndipo sadikiridwa kunyumba. Amene amayambitsa kwambiri ndi Shigella. Mabakiteriyawa amalowa m'khungu la mkati mwa thumbo lalikulu n'kupanga tizilonda. N'chifukwa chake chimbudzi chimakhala chochepa koma cha pafupipafupi, chosakanikirana ndi magazi ndi zonanda ngati mamina. Wodwala amamva ngati chimbudzi chatsalira, amathamangira kuchimbudzi, amadzikakamiza, n'kutuluka timadontho chabe. Kwa ana, kudzikakamiza kumeneku kumatha kutulutsa kansonga ka thumbo kumatako, ndipo ena amakomoka thupi likatentha kwambiri.

Shigella safuna kuchuluka: mabakiteriya 10 mpaka 100 okha ndi okwanira kudwalitsa munthu. Mayi akasintha thewera, n'kusamba m'manja ndi madzi okha, n'kuyamba kuomola nsima, nyumba yonse ikhoza kugona.

Koma kuno kunyanja pali chinanso chimene tisaiwale. Likodzo si la mkodzo lokha. Lilipo la m'matumbo, ndipo nalonso limatulutsa magazi m'chimbudzi. Msodzi kapena mwana wosambira m'nyanja amene wakhala akuona magazi kwa masabata, thupi osatentha, angakhale ndi likodzo kapena amiba (tizilombo tina ta m'matumbo tosakhala mabakiteriya), ndipo mankhwala ake ndi osiyana ndi a Shigella. Ndiye phindu lake loyezetsa chimbudzi.

Ndingadziwe bwanji kuti si kolera, malungo kapena tayifodi?

Kolera imadziwika ndi kuchuluka kwa madzi. Chimbudzi chimatuluka ngati madzi otsukira mpunga, chambiri, chosapweteka kwenikweni, thupi osatentha, ndipo miyendo imakokana. Munthu wamkulu akhoza kutha madzi m'maola ochepa. Mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sunasiye maboma a m'mbali mwa nyanja. Munthu wa zaka 5 kapena kuposa akayamba kutsekula kotere, m'patseni Thanzi (ORS, paketi yosungunula m'madzi yobwezera madzi ndi mchere m'thupi) ali m'njira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Malungo amasokoneza chifukwa nawonso amasanzitsa ndi kutsekula m'mimba, makamaka ana. Kuno udzudzu sutha, ndiye aliyense wotentha thupi ayezetse malungo. Kuyezako n'kwa mphindi 15 kapena 20. Dziwaninso kuti kupezeka ndi malungo sikuchotsa mabakiteriya. Mwana akamwa LA masiku atatu koma thupi osazizira, abwerere kuchipatala.

Tayifodi ndi mtundu wina wa Salmonella umene umakhala mwa anthu okha. Thupi limatentha mokwerakwera tsiku ndi tsiku, mutu umawawa, chilakolako cha chakudya chimatha, ndipo ambiri amadzimbidwa m'malo motsekula. Katemera wa tayifodi anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2023, ndipo ana amalandira akakwana miyezi 9. Katemerayu sateteza ku mitundu ina ya Salmonella ya m'mazira ndi m'nkhuku.

Kodi choopsa kwambiri pa matendawa n'chiyani?

Ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Ambiri amene amamwalira ndi kutsekula m'mimba samwalira chifukwa mabakiteriya adya matumbo, koma chifukwa magazi achepa madzi mpaka mtima ndi impso kulephera ntchito. Mwana wa makilogalamu 8 akataya magalamu 800, ndiye kuti wataya gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake, ndipo pamenepo moyo uli pachiswe.

Poyamba wodwala amamva ludzu, amamwa mwaphuma, m'kamwa mumauma, mkodzo umachepa n'kuda. Mwana amavuta, amalira popanda misozi, maso amalowa. Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, kenako musiye. Khungu la munthu wamadzi okwanira limabwerera pompo. Likatenga masekondi oposa 2, madzi atha kwambiri. Zikafika poipa, mwana uja wolira uja amangoti zii, amagona mosadzutsika bwino, sangathe kumwa kapena kuyamwa, manja ndi mapazi zimazizira. Kukhala chete kumeneku makolo ena amakuyesa kupeza bwino. Si kupeza bwino ayi.

Za liwombo tinenepo pang'ono. Liwombo la khanda likalowa pamene mwana akutsekula, ndi chizindikiro chakuti madzi atha. Kumata mankhwala pamutu sikubwezera madzi amene atuluka kumusi. Liwombolo lidzadzuka lokha mwana akalandira madzi. Chimodzimodzinso kumera mano: mano satsekula m'mimba, koma pa msinkhu umenewo mwana amakwawa n'kuika m'kamwa chilichonse, ngakhale zitosi za nkhuku.

Agogo nawonso muwayang'anire. Okalamba samva ludzu msanga, ndipo chizindikiro choyamba chimatha kukhala kubalalika mutu kapena chizungulire akaimirira. Amene amamwa mankhwala a BP okodzetsa kapena a shuga akaonane ndi achipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ena amafunika kuimitsidwa kaye munthu akamataya madzi.

Thanzi timasungunula bwanji, ndipo wodwala amwe wochuluka bwanji?

Sambani m'manja ndi sopo. Thirani paketi yonse m'madzi okwana lita imodzi, owiritsa n'kuzizira kapena othira klorini. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a mamililita 500. Yang'anani zolembedwa pa paketi kuti mutsimikize muyezo. Musagawe paketi, musachepetse madzi poganiza kuti akhala amphamvu. Mchere ukachuluka umakoka madzi kulowa m'matumbo ndipo ukhoza kukomola mwana. Musaonjezere shuga kapena Sobo. Wotsala akatha maola 24 mutaye.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, kutanthauza kota kapena theka la kapu. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe mamililita 100 mpaka 200. Wamkulu amwe mmene angathere. Khanda lipatseni ndi supuni yaing'ono, supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Akasanza dikirani mphindi 10, kenako yambaninso pang'onopang'ono. Ambiri amasiyira pamenepa, chonsecho zimene zimatsalira m'mimba zimakhala zambiri kuposa zimene zasanzidwa.

Kuchipatala, wodwala amene madzi ayamba kutha amamwetsedwa mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola 4. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti mamililita 750. Amene madzi atheratu amaikidwa dripi.

Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Madzi a mpunga othira kamchere ndi phala lamadzimadzi zimathandizanso. Zakumwa za m'mabotolo zili ndi shuga wambiri, mchere wochepa, ndipo zimaonjezera kutsekula.

Mwana wosakwana zaka 5 alandirenso zinki: mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena mamiligalamu 10 ngati sanakwane miyezi 6. Amalize masiku onse ngakhale chimbudzi chitauma pa tsiku lachitatu, chifukwa zinki amathandiza matumbo kupola ndipo amachepetsa kudwalanso m'miyezi yotsatira. Alangizi a zaumoyo amapereka Thanzi ndi zinki ku zipatala za m'midzi za ana.

Wodwala azidya, kapena m'mimba mupume kaye?

Azidya. Woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo pafupipafupi kuposa kale. Phala, mpunga, nthochi, mbatata, msuzi wa nsomba yopsa bwino, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Mwana akachira muonjezereni chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Kumana mwana chakudya ndiko kumam'lowetsa m'kunyentchera, ndipo wonyentchera amatsekulanso mosavuta.

Bwanji ndingogula Flagyl kapena Bactrim pa golosale?

Flagyl ndi mankhwala a tizilombo ta m'matumbo totchedwa amiba ndi giardia. Sapha Salmonella, Shigella kapena Campylobacter. Anthu amam'tama chifukwa amamwa pa tsiku lachitatu, matenda n'kutha okha pa tsiku lachisanu. Bactrim naye mabakiteriya ambiri a m'matumbo kuno anamuzolowera kale, sawagwira. Amene ali pa ma ARV ndipo amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku apitirize monga anauzidwa, koma asamuyese mankhwala a kutsekulaku.

Kutsekula kwamadzi kwa munthu wamphamvu sikufuna maantibayotiki. Pa Salmonella wamba safupikitsa matenda kwenikweni, ndipo akhoza kutalikitsa nthawi imene munthu amatulutsa mabakiteriya m'chimbudzi. Pa mtundu wina wa E. coli akhoza kuonjezera ngozi ya impso. Maantibayotiki amafunika pa kamwazi, tayifodi, kolera yoopsa, ndi kwa makanda, okalamba ndi amene chitetezo chawo n'chofooka. Ndipo wosankha mtundu ndi muyezo akhale wachipatala. Kumwa makapisozi awiri n'kusiya ndiko kumaphunzitsa mabakiteriya kupirira.

Mapiritsi omanga m'mimba, monga loperamide, musawamwe ngati pali magazi kapena thupi latentha, ndipo musapatse ana aang'ono. Amaimitsa matumbo, mabakiteriya ndi poizoni wawo n'kutsekeredwa mkati, thumbo n'kufufuma moopsa. Pa kutentha thupi gwiritsani ntchito Panado. Brufen, Indocid ndi aspirin zimapweteka impso za munthu amene madzi achepa ndipo zimaonjezera kutaya magazi.

Akuti mabakiteriya akhoza kulowa m'magazi. Zimachitika kwa ndani?

Apa ndi pamene Salmonella wa kuno amasiyana ndi wa m'mabuku a ku Ulaya. Kafukufuku wa zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti Salmonella ndi mmodzi wa mabakiteriya opezeka kwambiri m'magazi a odwala otentha thupi. Amene amagwidwa kwambiri ndi akuluakulu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika, ndi ana aang'ono amene angodwala kumene malungo, ochepa magazi, onyentchera kapena a sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo).

Chovuta n'chakuti ambiri mwa odwalawa satsekula n'komwe, kapena anatsekula pang'ono masiku apitawo. Chimene chimaoneka ndi kutentha thupi kosatha, kunjenjemera, kupuma mofulumira, kutumbuluka, kufooka, ndipo kapamba amatha kutupa. Zimafanana ndi malungo kapena chibayo. Mabakiteriya akafika ku ubongo wa khanda, mwana amakana bere, amalira mokuwa, amakomoka, khosi limatha kuuma, ndipo liwombo limatukuka m'malo molowa. Kwa mwana wa sickle cell amakonda kukhazikika m'mafupa: fupa limapweteka malo amodzi, limatupa, mwana amakana kuponda.

Zonsezi zimafuna kugonekedwa ndi mankhwala a jakisoni kwa masiku angapo. Kwa amene ali ndi HIV matendawa amakonda kubwerera, choncho kumwa ma ARV mosadumphitsa ndi mbali ya chithandizo.

Mwana anasiya kutsekula, koma watumbuluka ndipo sakukodza. Chavuta n'chiyani?

Thamangani naye. Mitundu ina ya E. coli ndi Shigella imatulutsa poizoni amene amaononga timitsempha ta magazi ta mu impso. Vutoli limabwera patatha pafupifupi sabata chiyambireni kutsekula kwa magazi, pamene makolo ayamba kupuma kuti mwana wachira. Magazi amasweka, m'zikope ndi m'zikhatho mumayera, mkodzo umachepa kapena kufiira, nkhope ndi mapazi zimatupa, pakhungu pamaoneka timadontho ta magazi. Pamenepa kumumwetsa madzi ambiri sikuthandizanso, chifukwa impso sizikutulutsa. Mwana afunika kuyezedwa magazi, mwina kuikidwa magazi, ndipo chipatala cha boma chikhoza kum'tumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Impso zimathanso kuima chifukwa cha kutha madzi kokha. Wamkulu amene watha maola 12 osakodza, kapena khanda limene thewera lake lauma maola 6, apite kuchipatala.

Pali mavuto ena obwera mochedwa?

Alipo, ngakhale si ambiri amene amawapeza. Patatha sabata imodzi mpaka masabata anayi, ena amatupa bondo kapena kakolo, maso n'kufiira, pokodza n'kumawotcha. M'bondomo mulibe mabakiteriya. Ndi chitetezo cha thupi chimene chapitiriza nkhondo adani atapita. Zimatha pa miyezi ingapo.

Choopsa kuposa pamenepa chimatsatira Campylobacter, kwa munthu pafupifupi mmodzi mwa 1,000. Chitetezo chimaukira mitsempha, matenda otchedwa Guillain-Barré. Amayamba ndi dzanzi kumapazi ndi kufooka kwa miyendo yonse iwiri, kenako kufookako kumakwera m'mwamba m'masiku ochepa, ndipo kukafika pachifuwa munthu amalephera kupuma. Achibale ambiri amayamba aganiza zakulodzedwa chifukwa munthu anali atachira. Wotere afike kuchipatala akadali kuyenda. Mwana wosakwana zaka 15 amene wafooka miyendo mwadzidzidzi amayezedwanso poliyo.

Tayifodi yosachizidwa imadya thumbo laling'ono mpaka kuliboola, kawirikawiri m'sabata yachitatu. Mimba imapweteka mwadzidzidzi, imauma gwa ngati thabwa, imafufuma, ndipo wodwala safuna n'kugwedezeka komwe. Chimbudzi chakuda bii ngati phula chimasonyeza kuti magazi akutayika mkati. Apa mankhwala ndi opaleshoni basi. Musam'patse chakudya, musam'sinike mimba.

Kutsekula kopitirira masiku 14 nako ndi vuto palokha. Mwana ayezedwe sikelo ndi pamkono, ndipo wamkulu ayezetse HIV ngati sadziwa mmene alili.

Ndiye tipite liti kuchipatala, ndipo tikanene chiyani?

Pitani tsiku lomwelo ngati pali magazi m'chimbudzi, kusanza chilichonse, kulephera kumwa, kukomoka, kugona mosadzutsika, mimba youma kapena kutentha thupi. Khanda losakwana miyezi 2, mayi woyembekezera, wokalamba, wa HIV, wa shuga ndi mwana wonyentchera asadikire zizindikiro zonsezi. Wamkulu wamphamvu amene akumwa ndi kukodza bwino akhoza kudikira masiku atatu.

Tengani buku la kuchipatala, botolo la Thanzi loti azimwa pa kabaza kapena m'minibasi, ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa, a zitsamba omwe. Nenani tsiku limene anayamba, kangati pa tsiku, maonekedwe a chimbudzi, nthawi imene anakodza komaliza, ndiponso ngati ena akudwala. Anthu angapo akadwala atadya pamodzi pa maliro, pa ukwati kapena ku sukulu yogonera, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo.

Ndachira. Ndingabwerere kukagwira ntchito pa chiwaya kapena ku lesitilanti?

Dikirani maola 48 chimbudzi chitabwerera mwakale. Ngakhale pamenepo, Salmonella amapitiriza kutuluka m'chimbudzi kwa masabata angapo, ndipo kwa ana aang'ono nthawi yake imatalikirapo. Ochepa mwa ochira tayifodi amasunga mabakiteriya mu ndulu kwa zaka osadwala. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, pa mpondagiya kapena wina akuthirireni, osati m'beseni limodzi mopatsirana. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi. Chili ndi mabakiteriya ambiri ngati cha wamkulu. Matewera asachapidwe m'nyanja pamene ena akutunga ndi kutsuka mbale.

Chakudya sichinanunkhe, ndipo ndinachitenthetsa. Zatheka bwanji?

Mabakiteriya odwalitsa sasintha fungo kapena kakomedwe. Pa kutentha kwa kuno akhoza kuwirikiza mphindi 20 zilizonse, moti mmodzi amafika mamiliyoni awiri m'maola 7. Chakudya chophika chisakhale pamtunda maola oposa 2. Potenthetsa, ndiwo zibwate ndithu mpaka pakati, osati kungofunditsa. Mpunga ndi nkhani ina: poizoni wa Bacillus cereus saonongeka ndi moto, choncho mpunga wogona kunja kwa filiji ndi wotaya. Magetsi akathima tsiku lonse, nyama ndi nsomba zimene zasungunuka n'kufunda zisabwezeredwe mufiliji.

Nkhuku ipse mpaka pafupa, msuzi wake usakhale wofiirira, ndipo dzira lilimbe. Cholakwika chofala pa chiwaya ndi mpeni: womwewo wadula nyama yaiwisi, womwewo ukudula kabichi ndi tomato zoika pa tchipisi. Nyama idzapsa, saladiyo sadzaona moto. Usipa ndi utaka zouma pa thandala zimateredwa ndi ntchentche, ndipo zotsukidwa ndi madzi a m'mphepete mwa gombe zimatenga zonse za m'madzimo. Ziphikidwe, osatafuna zosaphika. Thobwa lisasungunulidwe ndi madzi a pachitsime osathira mankhwala. Madzi othira WaterGuard kapena klorini adikire mphindi 30 asanamwedwe, ndipo asungidwe m'chigubu chotseka osati mu ndowa yopisamo kapu.

Kwa odya kondowole: chinangwa chowawa chimene sichinavikidwe masiku okwanira chimasanzitsa, kuzunguza mutu ndi kufooketsa m'maola ochepa chidyereni. Amenewo si mabakiteriya koma poizoni wa m'chinangwacho, ndipo ana akayamba kutero banja lonse litadya, onse apite kuchipatala nthawi yomweyo.